Zenebu Amene Sankakhala Pansi

Belu loyamba la kutchalitchi cha Mikayeli Woyera likamalira, Mayi Zenebu amakhala atakoleza kale moto. Masamba ouma a bulugamu sachedwa kuyaka, ndipo utsi wake umatulukira pamwamba pa chitseko cha khitchini n'kukasakanikirana ndi nkhungu ya m'tauni ya Debre Markos. Mayiwo amalemba chizindikiro cha mtanda, amavundukula chidebe cha phala la ufa wa tefu, kambewu konga mawere, lomwe lasasa masiku atatu, n'kulinunkhiza. Chiwaya chadongo chikatentha amathira phalalo mozungulira, kuyambira m'mphepete mpaka pakati, n'kudikira kuti timaso tituluke pamwamba asanavundikire. Imeneyi ndiyo injera, buledi wopyapyala wa kumeneko, ndipo yoyamba sagulitsa. Amaipinda n'kuiika padera, ndi ya opemphapempha a pachipata cha tchalitchi.

Akazi ena a mumsewu umenewo amaphika injera atakhala pakampando, chifukwa mafuwa awo ali pansi. Mafuwa a Mayi Zenebu ndi ofika m'chiuno. Anawaumbira ndi malemu amuna awo, Bambo Damte atelala, amene anasenza okha miyala ndi dothi osauza munthu chifukwa chake. Mayiwo amaphika ataima, amadya ataima mbale ili pawindo, amasankha mphodza ataima. Akatopa amagona chammbali pamphasa. Kukhala pansi ndiye ayi.

Mayi Zenebu anabadwira kumidzi ya kumapiri, ndipo amuna awo anabwera nawo m'tauni ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, atakwatiwa kumene. Mwezi womwewo m'nyumba yoyandikana nayo munalowanso mkwatibwi wina, dzina lake Askale. Atsikana awiriwa anaphunzira limodzi kugula pamsika wa m'tauni popanda kupusitsidwa. Ankabwerekana sefa, ankachezerana pa uchembere. Mayi Zenebu anabereka ana asanu, n'kuika awiri m'manda. Mayi Askale anabereka mmodzi yekha, Yirga, ndipo amene anamunyamula kupita naye ku ubatizo pa tsiku la makumi anayi anali Mayi Zenebu. Amuna awo atamwalira, wina chaka china wina chaka chotsatira, anametana tsitsi la umasiye.

Vuto linayamba zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, nyengo ya mvula. Mayi Zenebu akutsika ndi mtolo wa nkhuni kumsana anaterereka n'kugwera chokhala pa mwala wosongoka. Chotupa chinaphwa, bala linapola. Koma kunatsala moto. Unali pansi penipeni, pakati pa njira ya mwana ndi njira ya kuchimbudzi, malo amene mkazi wolemekezeka satchula. M'mawa unkangonyeka pang'ono. Akakhala pampando unkayaka ngati akhalira khala la mbaula, ndipo akadzikakamiza kukhalabe, unkawatsatira tsiku lonse ndi lotsatira lake.

Anasamba madzi odalitsidwa masiku asanu ndi awiri, kawiri konse. Anapita kukachipatala kakang'ono, kumene anamwino, pamaso pa odwala ena, anawafunsa mafunso okhudza mayendedwe a amuna awo n'kuwapatsa makapusozi. Sanabwerereko. Ankadziwa zimene zimachitikira mkazi amene kwamveka kuti akudwala kumusi. Anthu safunsa kuti ndi matenda anji. Amangoganiza kuti akuchucha, ndipo injera yake saigulanso, ndiponso kutchalitchi akazi anzake amasendera pang'ono akaima pafupi. Choncho aliyense wofunsa ankamuyankha mawu amodzi: msana. Kutchalitchi kokha ndi kumene ankafanana ndi aliyense, chifukwa kumeneko onse amaima kuyambira mbandakucha mpaka mapemphero atatha.

Khofi ndiye ankawavumbula. Nyumba zinayi za pamalopo zimaitanizana mosinthana tsiku lililonse dzuwa likakwera. Mwini tsiku amamwaza udzu wauwisi pansi, amafukiza lubani, amakazinga khofi anzake akuona, ndipo onse amakhala pamipando yaifupi mpaka kapu yachitatu, ya madalitso. Mayi Zenebu ankamwa zitatu zonse atatsamira mphuthu ya chitseko.

"Mlonda wafika, akuba athawe," ankatero Mayi Ayelu, mkazi wa mwini chigayo, amene pakamwa pawo sipankapuma. "Kodi make Fikirte, mipando yathu ili ndi nsikidzi?"

"Msana, achemwali."

"Msana wanji wokana mpando koma wolola thumba la tefu? Dzulo ndakuonani mwasenza ngati bulu wa amalonda."

"Musiyeni mnzanga," ankatero Mayi Askale. "Akakhala pansi ameneyu, adzatiuza ndani amene akudutsa mumsewu? Zenebu, taona, amene akukhosomola uyo si amuna a Ayelu akuchokera kumowa?"

Onse ankaseka, nkhani n'kupita kwina. Zinayenda choncho zaka zambiri.

Yirga, mwana wa Mayi Askale uja, ankayendetsa lole yonyamula simenti. Tsiku lina mabuleki anakana akutsika chigwa cha mtsinje wa Abay, ndipo anafera pomwepo. Uthenga unafika kwa akulu a bungwe la maliro madzulo, koma uthenga wotere sauza mwini wake dzuwa litalowa. Amadikira kuche. M'mamawa akulu awiri anagogoda kwa Mayi Zenebu kuti awaperekeze, chifukwa pamafunika mkazi wogwira namfedwa akamagwa. Mayi Askale atatsegula chitseko n'kuona nkhope zitatu nthawi imeneyo, anazindikira. Anagwera m'manja mwa mnzawo, ndipo Mayi Zenebu anawagwira mpaka anthu anadzaza bwalo.

Anthu atabwerako kumanda, a bungwe anali atadzutsa tenti mumsewu n'kuyala matiresi pansi. Masiku atatu namfedwa amakhala pamenepo, ndipo amene ali wapafupi kwambiri amakhala pambali pake. Obwera kudzakhuza salankhula zambiri. Amakhala. Kukhalako ndiye chipepeso, ndipo anthu amakumbukira kwa zaka amene anakhala nthawi yaitali ndi amene anangosuzumira. Mayi Askale analibe mchemwali m'tauni. Anamenya dzanja pa matiresi kumanja kwawo, ndipo akazi anasendera kuti Mayi Zenebu adutse.

Anakhala. Anapinda miyendo, anasunthira thupi ku ntchafu imodzi, kenaka ku inzake. Anayamba kutchula Atate Wathu mumtima, ndipo anafika kachisanu ndi kawiri. Thukuta linanyowetsa nsalu yawo yakuda. Mayi Askale anali atawagwira dzanja, akubuula dzina la mwana wawo. Moto unakwera mpaka Mayi Zenebu anaona mdima m'maso, ndipo anadziwa kuti akachedwa akuwa, ndipo kukuwa kwake sikukhala kwa maliro. Anamasula zala za mnzawo chimodzichimodzi, anadzuka, n'kutuluka m'tenti anthu onse akuyang'ana.

Masiku atatuwo anaphika injera ya olira onse, osalola wina kuwalandira pachiwaya. Ankalowa m'tenti ndi madengu, n'kuima kumapeto manja ali pachifuwa. Malo a kumanja kwa namfedwa anakhalapo Mayi Ayelu.

Fikirte, mwana wawo wotsiriza amene amaphunzitsa ku Addis Ababa, anali atabwera kumalirowo. Tsiku lachitatu anawapeza kuseri kwa khitchini atatsamiza mphumi pakhoma.

"Amayi, anthu akukunenani. Akuti munabatiza mwana n'kulephera kumukhalira."

"Anene."

"Msana sutero ayi. Ine si mwana, ndinabereka. Mundiuze pamene pakupweteka, apo ayi sindikwera basi mawa."

Anamuuza nkhope ili kukhoma.

Kupita ku Addis Ababa ndi ulendo wa maola asanu ndi awiri, ndipo m'basi saloleza kuima. Fikirte anawatengera mipando iwiri, ndipo anayenda atagona chammbali mawondo atapinda, nsalu ili kumutu. Anazungulira zipinda zambiri za kuchipatala kwa miyezi itatu asanawatumize kwa dokotala woona za ululu wosatha. Anali mayi wamng'ono thupi, wa magalasi, amene sanayambe ndi kuwavula. Anawafunsa ngati ululu umachepa akaima, ngati umawadzutsa kutulo, ngati umakula dzuwa likamapendeka. Mayi Zenebu ankayankha akudabwa kuti munthu amene sanawaonepo akudziwa bwanji tsiku lawo lonse.

"Amayi, si matenda opatsirana, ndipo si uve," anatero dokotala. "M'kati mwa chiuno mumadutsa mtsempha wina, si wa magazi, ndi wonyamula uthenga wa ululu. Umadutsa pamalo opanikizika. Wanuwo unavulala, ndipo mukakhala mumaupsinja. Ndikufuna ndiubaye jakisoni pafupi pomwepo kuti ugone. Ukagona ululu n'kuleka, tidziwa kuti wolakwa ndi iwowo."

"Ndiye kuti ndichira?"

"Sindikulonjezani. Ena amapuma masabata, ena miyezi, ena masiku okha. Ndipo si jakisoni wobaya mwezi uliwonse mpaka kalekale. Tiyesa kangapo, n'kuona."

Anawagoneka chafufumimba, anawapaka mankhwala ozizira pathako, ndipo dokotala ankayendetsa kachida pakhungu akuyang'ana chithunzi pa makina kuti aone pamene singano ikupita. Singanoyo inali yaitali kuposa ya Bambo Damte yosokera matiresi. Mayi Zenebu anaitana Mariya Namwali. Anamva kukankha m'kati, kenaka kutentha pang'ono, kenaka dzanzi likufalikira. Patapita mphindi makumi awiri anamwino anawaloza benchi ya pakhonde.

"Takhalani apo, amayi, tione."

Anatsika pang'onopang'ono, manja atagwira m'mphepete, akudikira khala lija. Silinabwere. Anamva thabwa lokha, lozizira. Anakhala mpaka odwala ena anatha, ndipo Fikirte atawauza kuti tizipita anapempha kuti akhaleko pang'ono. Misozi inkagwera pamiyendo pawo, malo amene inali isanagwerepo kwa zaka khumi ndi chimodzi.

Dzanzi litatha madzulo ululu unabwerera, monga dokotala anachenjezera, koma patapita masiku atatu unazilala. Kwa masabata atatu anadya atakhala, anapakata mdzukulu, anakazinga khofi pakampando m'nyumba ya Fikirte. Sabata lachinayi moto unayambanso kunyeka. Dokotala anati abwere kudzabayitsa jakisoni wachiwiri pakapita masabata asanu ndi limodzi.

"Kodi sangadikire mpaka mvula itayamba?" anafunsa Mayi Zenebu.

"Imeneyo ndi miyezi isanu. Muvutikirenji nthawi yonseyo?"

"Mwati jakisoniyu ndi wowerengeka. Pali tsiku limene ndikumufunira."

Tsikulo linali chikumbutso cha chaka cha Yirga. Pa chikumbutso cha masiku makumi anayi Mayi Zenebu anali ataima. Pa cha masiku makumi asanu ndi atatu anali ku Addis Ababa. Atabwerera kwawo anapeza kuti khofi akuitanizanabe, koma mwana wotumidwa akafika pakhomo pawo ankangoti khofi wapsa, osati amayi akuti mubwere. Mayi Askale ankawapatsa kapu ndi manja awiri monga amachitira kwa mlendo. Mayi Ayelu akanyoza mlonda, panalibenso woyankha. Miyezi isanu imeneyo Mayi Zenebu anaphika ataima, akuwerenga masiku a oyera mtima pa zala.

Anabayitsa kutatsala masiku asanu. Pobwerera anakhala mpando umodzi, pawindo, ndipo basi ikutsika chigwa cha Abay anaona ndi maso awo mokhota momwe munamudya Yirga. Anamupempherera mpaka anawoloka mlatho.

Pa tsiku la chikumbutso ansembe anapemphera kumanda m'mawa, anthu n'kubwerera kunyumba kukadya. Mayi Askale anakhala pa matiresi m'chipinda chachikulu. Mayi Zenebu anavula nsapato pakhomo, anadutsa pakati pa akazi osayang'ana aliyense, n'kukhala kumanja kwa mnzawo.

"Taonani," ananong'ona Mayi Ayelu, kunong'ona komveka mpaka panja. "Mlonda amuchotsa ntchito."

Mayi Zenebu anakhala ansembe akudalitsa chakudya. Anakhala opemphapempha akudya, achibale a kumudzi akudya, oyendetsa malole anzake a Yirga akulowa ndi kutuluka. Mtima wawo unali wopepuka. Ankaganiza kuti akubweza chimene analanda mnzawo, ndipo kawiri konse anafuna kuwagwira dzanja, koma manja a Mayi Askale anali m'kati mwa nsalu. Dzuwa litapendeka khofi anakazingidwa. Kapu yoyamba inadutsa, yachiwiri, yachitatu. Anthu anayamba kutsanzika, mpaka anatsala awiri.

Mayi Askale anayang'ana miyendo yopindidwa ya mnzawo nthawi yaitali.

"Kani umakhala," anatero.

"Askale..."

"Chaka chonse ndakhala ndikukuikira kumbuyo mumtima mwanga. Ayelu akanena, ine ndimati ayi, mnzanga sangathe, akanatha sakanandisiya. Lero wakhala kuyambira m'mawa, sunasunthe ngakhale kamodzi. Tsiku lija mwana wanga ali ndi dothi lonyowa pamwamba, unamasula zala zanga."

Mayi Zenebu anatsegula pakamwa, koma pakhomo panali atsikana akutsuka mbale, ndipo mawu amene ankafunika anali aja osatchulika. Anadzuka, anavala nsapato, n'kupita kwawo. Apo m'pamene anazindikira chimene anachita. Akanaima tsiku limenelo monga mwa masiku onse, mnzawo akanatsala ndi chowakhululukira.

Kutacha anaphika injera khumi, anazikulunga, n'kukagogoda khomo loyandikana nalo. Anapeza Mayi Askale okha akupinda matiresi obwereka. Anatseka chitseko, ndipo ataima pakati pa chipinda ananena zonse: mwala uja, malo ake enieni, mafunso a anamwino, mafuwa amene Bambo Damte anakweza, singano, benchi, ndi miyezi isanu imene anasunga jakisoni. Sanasiyeko kanthu. Mayi Askale anamvetsera matiresi ali m'manja.

"Zaka khumi ndi ziwiri," anatero potsiriza. "Ndinakusambitsa utabereka Fikirte. Pali chiyani pathupi pako chimene sindinaone? Unkaopa kuti ndikakulengeza kuchigayo?"

"Ndinkaopa kuti udzayamba kupukuta kapu imene ndamwera."

"Ine?"

Mayi Zenebu anaika injera zija pampando n'kulunjika kuchitseko, ndipo zimenezo zinawapweteka Mayi Askale kuposa tsiku la m'tenti.

Jakisoni wachiwiriyo anagwira masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Wachitatu anagwira sabata imodzi. Dokotala anati apume kaye, awapatse mapiritsi ndi katsamiro koboola pakati, ndipo adzaonanso pakapita miyezi ingapo ngati kuli koyenera kubayanso. Katsamiroko Mayi Zenebu amakagwiritsa ntchito m'basi mokha. M'nyumba ya khofi sangalowe nako, chifukwa Mayi Ayelu angafunse kuti bowolo ndi la chiyani. Mpaka lero palibe wina mumsewumo amene akudziwa, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti Mayi Askale sanauze munthu. Injera ikugulidwabe. Awiriwo amapatsana moni pampanda, amafunsana za thupi ndi za mtengo wa makala, ndipo pa tsiku la Mikayeli Woyera amaima mbali imodzi ya tchalitchi, pakati pawo pali akazi awiri kapena atatu.

Ulendo uliwonse wa kuchipatala ukayandikira, Mayi Zenebu amachedwa pampanda kuposa masiku ena, akuchita ngati akuyanika nsalu. Sabwereza zimene ananena, chifukwa ananena kamodzi ndipo anamveka. Unali m'mawa womwe uja wa matiresi, dzanja lili kale pachitseko. Anatembenuka n'kunena kuti:

"Askale, ulendo ukubwerawu tipite tonse. Fikirte amatsala pakhonde, ndimachita manyazi kuti mwana aone. Amandigoneka chafufumimba, ndipo singano ikamalowa ndimagwira chitsulo cha bedi. Ukaime kumutu kwanga, undigwire dzanja. Sindikuti undikhululukire. Ukangoona."

Mayi Askale anaika matiresi pamwamba pa anzake, anawongola ngodya yake ndi chikhatho, n'kutenga ena. Sanati inde, sanati ayi.